Makalata a agogo a ku Wenela, kodi ku yunivesite amalandira zoterezi?

Mwana wa ku Santhe:
Abale ndithandizeni nzeru. Sabata yatha timatulutsa katundu mnyumba ya malemu agogo kuno ku Santhe ndiye pansi pa bedi tapeza sutikesi yachitsulo ija yakalekale, mkati muli mulu wa makalata omwe agogo aamuna ankalembera agogo aakazi ali ku migodi ku Joni, malisiti a msonkho komanso khadi la chipani la tambala wakuda. Kalata ina akuti "ndatumiza mapaundi awiri ndi bulangeti, ng'ombe ija musagulitse", ine misozi mbwee. Vuto chiswe chayamba kale kudya mmbali, ndiye amalume akuti tingowotcha ndi zinyalala basi. Kodi ku yunivesite angalandire kapena amafuna za anthu otchuka okha?

Mphunzitsi wopuma, Kasungu boma:
Mwanawe, amalume akowo uwabisire machesi. Ngati akunena mapaundi ndiye kuti kalatayo ndi yakale kuposa kwacha, poti kwacha inabwera 1971. Ndipo Wenela, bungwe lija lotenga anthu kupita nawo ku migodi ku Joni, Kamuzu anaiyimitsa 1974 ndege itagwa ku Francistown nkupha anthu athu ambiri amene amabwerera kumudzi. Pita ku Zomba, kuli National Archives, komanso laibulale ya ku Chanco ili ndi gawo la Malawiana losunga za dziko lino. Za abwanamkubwa ndi ma DC zadzadza kale, koma mawu a munthu wamba wolembera mkazi wake mChichewa ndi omwe amasowa.

Wa ku Mtunthama:
Kkkk ine ndiye ndimaseka, mukudziwa kuti mapepala ambiri a Kamuzu, makalata ndi zolankhula zake, ali ku Indiana University ku America komwe anaphunzirako? Munthu wobadwira konkuno, mtengo wa kachere womwe ankaphunzirira pansi pake tili nawo ife, koma kuti ukagwire makalata ake enieniwo mpaka visa. Ndiye inu anuwo musapatse mzungu aliyense wobwera ndi kamera ayi.

Mayi awiri, Mchinji:
Achimwene a ku Mtunthama musaiwale kuti kwathu konkuno moto unapsereza mafayilo a boma ku Zomba 1919, ndiye zina zinapulumuka chifukwa zinali kunja. Koma inu a ku Santhe poyamba jambulani tsamba lililonse pa foni, envulopu yomwe ndi sitampu yake. Chonde musapange laminate, musamatenso ndi selotepi, ine ndinaononga khadi la ubatizo la amayi choncho inki yonse inatsalira pa tepi. Ikani mu envulopu ya khaki pamalo pouma osati mjumbo.

Mwana wa ku Santhe:
Zikomo nonse. Ndajambula 11 foni yathima, magetsi kulibe chiyambire mmawa. Sutikesi ndaibisa kwa azakhali, amalume akuganiza kuti muli ndalama tsopano.