Zigawo zingati za munda zingakwane poyesa ombwe pa mbozi za chimanga?

Akuluakulu odziwa za kafukufuku wa ulimi, ndithandizeni. Malo alipo okwana zigawo 9 zokha, chilichonse mamita 5 mulitali ndi 4 mulifupi. Cholinga ndi kuona ngati madzi a ombwe amachepetsadi mbozi zodya chimanga.

Kakonzedwe kake ndi aka: ufa wa masamba owuma a chomera cha ombwe kilogalamu 1 m'madzi malita 10, kuviika maola 24, kusefa, kuthira sopo pang'ono, kupopera madzulo poti dzuwa limapha mphamvu yake. Zigawo zitatu za ombwe, zitatu madzi a sopo okha, zitatu osapopera, zosankhidwa mwamaere.

Ku Chitedze, malo ochitira kafukufuku wa ulimi, amabwereza zoyesa m'madera angapo komanso kwa nyengo zingapo. Kodi kubwereza katatu m'munda umodzi kungapereke zotsatira zoti katswiri n'kuzikhulupirira? Nanga mpata wotani pakati pa zigawo kuti mphepo isauluzire mankhwala kwina?

Chovuta kwambiri n'chakuti ombwe wina alibe mankhwala opha tizilombo ngakhale amaoneka chimodzimodzi, ndipo chimenechi amachidziwira ku labotale. Pali njira yotchipa yoyesera masambawo musanawononge nyengo yonse?