Mkamwini akufuna kukandionetsa mpikisano wa ndege ku Indianapolis, ndivomere?

Mphunzitsi Wopuma, Kamuzu Road, Salima (Seputembala 2018)

Abale anga, safunsa anadya phula, ndiye ndati ndifunse kaye kuno ndisanawayankhe akamwini.

Mwana wanga wachiwiri amakhala ku South Bend, ku Indiana, ku America, ndipo wangotuluka kumene m'chikuta. Mayi ake anatsogola kale mu Ogasiti. Ine ndinyamuka kumapeto kwa mwezi uno, ndikangotolera tindalama ta mpunga wa ku Lifuwu tomwe anthu anandikongola. Ndikakwerera ku Lumbadzi, kudzera ku Addis Ababa mpaka Chicago. Zaka 64, ndege sindinaikwerepo. Ndinkangoijambula pa bolodi pophunzitsa ana a Sitandade 7, mapiko ake opendekeka ngati a nkhuku yonyowa.

Tsono dzana akamwini aimba pa WhatsApp, nkhope ili mwee. Akuti, "Bambo, mwafika nthawi yabwino. Pa 6 ndi 7 Okutobala kuli Red Bull Air Race ku Indianapolis Motor Speedway, ndikufuna tikaonere limodzi." Ine ndinangoti chabwino, tiona. Koma mumtima ndinadabwa. Bwalolo si la mpikisano wa magalimoto? Nanga ndege zikathamangitsana bwanji pabwalo la magalimoto? Ndege n'zakumwamba, bwalo n'lapansi.

Chikundivuta ndi ichi. Ndikakhalako masabata atatu okha. Kuchoka ku South Bend kukafika ku Indianapolis akuti ndi makilomita pafupifupi 240, kuposa kupita ku Lilongwe n'kubwerako. Tikiti, mafuta, chakudya, zonse ndi madola, pomwe dola imodzi chaka chino cha 2018 ili pa K700 ndi kanthu. Mwana wangobadwa kumene, matewera akudikira. Sindifuna kukhala mpongozi wodya ndalama za ana pa zinthu zongoyang'ana kumwamba khosi n'kuwawa. Komanso ndinkafuna tsiku limodzi ndikaione Lake Michigan, ndiiyerekeze ndi yathuyi.

Alipo pano anakaonerako maso ndi maso? N'zoyenera ulendo, kapena ndiwauze mwaulemu kuti tikhale pakhomo tizinyamula khanda?

Wa ku Chipoka, pano ndili ku Indiana

Aphunzitsi, takulandirani musanafike. Ine ndinapitako chaka chatha, 2017, tsiku lomaliza, ndiye ndikuuzani zomwe ndinaona, zabwino ndi zotopetsa zomwe.

Choyamba chotsani m'mutu chithunzi cha ndege zothamangitsana ngati anyamata a kabaza akulimbirana pasenjala pa depoti. Sizitero. Imauluka imodzi imodzi, yopikisana nayo ndi wotchi. M'kati mwa bwalo amaimika zipilala zansalu zopopa mpweya, zotalika mamita 25. Ndege imadutsa pakati pa zipilala ziwiri mapiko ali chopingasa, kenako imazemba zina zondondozana uku ndi uku, imakwera chiriri kumwamba, kugudubuka, n'kubwereranso. Ulendo wonsewo umatha mphindi imodzi ndi timasekondi. Oyendetsa akuluakulu alipo 14. Amawaphatikiza awiriawiri, wanthawi yochepa amapitirira, n'kuwonjezerapo mmodzi wothamanga kwambiri mwa ogonja kuti akwane 8, kenako 4 omaliza.

Mwafunsa kuti bwanji pabwalo la magalimoto. Kwa ine apa ndiye pagona ubwino wake. Mipikisano yambiri ya Red Bull imachitikira pamadzi, monga ku Abu Dhabi kapena pamtsinje wa Danube ku Budapest, ndipo anthu amaonerera ali m'mbali, ndege zikuchokera ku bwalo lina kutali. Ku Indianapolis mumakhala pa mipando yokwera ngati ya pa Bingu Stadium, njira yonse ili poyera pamaso panu. Ndege zimanyamukira momwemo n'kuteranso momwemo. Mukakhala pamwamba, pena ndege imadutsa chapafupi ndi msinkhu wa maso anu. Simuyang'ana kumwamba ayi, mumayang'ana kutsogolo. Khosi silipweteka.

Bwalolo lokha ndi chinthu choti munthu aone. Msewu wozungulira ndi makilomita 4, mipando yake imaposa 200,000. Linatsegulidwa mu 1909, ndipo mpikisano woyamba kuchitikira pamenepo sunali wa magalimoto, unali wa mabaluni ouluka. Ndiye zouluka si zachilendo pamalopo.

Chomwe sindidzaiwala ndi phokoso. Mumayamba mwaona kautsi koyera kumapeto kwa bwalo, kenako kandege kadutsa kale, phokoso likubwera pambuyo n'kukugundani pachifuwa. Ina inagunda chipilala ndi nsonga ya phiko, nsalu ija phwaa, mutu wa chipilala n'kuuluka wokha ngati chitenje chouluzika pa chingwe. Bwalo lonse linakuwa. Anyamata anathamangira pomwepo, pasanathe mphindi zingapo chipilala chaimanso. Wogunda uja anamuwonjezera masekondi atatu, ndipo pampikisano uwu masekondi atatu ndiye kuti wapita kwawo. Tsiku limenelo Yoshihide Muroya wa ku Japan anapambana n'kutenganso ukatswiri wa chaka chonse. Pafupi nane panali banja la ku Japan, mayi wachikulire analira misozi yeniyeni atagwira kambendera.

Zotopetsa nazo zilipo, ndisakunamizeni. Kudikira n'kochuluka kuposa kuuluka. Ndipo ndi maso okha simungadziwe amene wathamanga kuposa mnzake, chifukwa amasiyana ndi kachidutswa ka sekondi. Mumadalira sikirini yaikulu ndi muulutsi, yemwe Chizungu chake n'chothamanga kuposa ndegezo. Kuzizira kwa Okutobala wa kuno musakuyerekeze ndi Okutobala wa ku Salima. Ine ndinavala malaya amodzi ngati ndikupita ku Senga Bay, ndinabwerako mano akugundana.

Pitani Lamulungu lokha. Loweruka amangopima nthawi yoti adziwe wokumana ndi ndani.

Kampango wa pa Senga Bay

Madala, ine ndikuti khalani pakhomo. Mwamva nokha, mphindi imodzi. Maola awiri ndi theka kupita, awiri ndi theka kubwera, kukaonera kanthu kodutsa ngati ntchentche, kenako muziyang'ana sikirini kuti mudziwe wawina. Nanga sikiriniyo si muli nayo m'thumba? Gulani bandulo ya K1,000, tsegulani YouTube, mudzaona mpaka nkhope ya woyendetsa ikukwinyika, zomwe amene ali pabwalo sangazione.

Chinanso, ndegezi zimaopa mphepo kuposa ife asodzi. Mu 2016 ku Las Vegas, pabwalo la magalimoto ngati lomweli, mpikisano anauimitsa chifukwa cha mphepo, anthu matikiti ali m'manja. Ife mwera ukavuta timakoka bwato kumtunda, palibe amene wataya dola.

Mukafuna zouluka, bwerani kuno m'mawa muone nkhwazi ikutola chambo pamadzi. Ulere.

Makaniko wa ku Nkhotakota

Achimwene a Kampango, mpira wa Bullets ndi Wanderers umaulutsidwa pa wailesi, koma anthu amakwerabe minibasi usiku kukaonera pabwalo. Foni siigwedeza nthiti.

Ine sindinapiteko, koma ndimautsatira mpikisanowu chifukwa cha mainjini. Tindegeti ndi ta munthu mmodzi, tambiri ndi ta mtundu wa Edge 540, topepuka kuposa Toyota Sienta zomwe ndimakonza tsiku ndi tsiku. Kuyambira 2014 onse amagwiritsa injini yofanana, ya Lycoming ya masilinda 6, ndi chopukusa chofanana. Choncho sungawine chifukwa choti uli ndi ndalama zogulira injini yaikulu. Chimasiyanitsa ndi dzanja la woyendetsa, mzere womwe wasankha pokhota, ndi tinthu tating'ono tomwe amakaniko ake asintha monga nsonga za mapiko. Liwiro limafika makilomita 370 pa ola, ali mamita ochepa kuchokera pansi. Pokhota paja thupi limalemera mpaka kakhumi. Aphunzitsi, werengerani nokha: munthu wa makilo 70 akumva ngati matumba 14 a chimanga amusenzetsa nthawi imodzi, magazi akuthawa kumutu, koma dzanja lisanjenjemere.

Ndili mwana ku Dwangwa tinkathamangira m'mphepete mwa minda ya nzimbe kukaonera kandege kopopera mankhwala kakudutsa pamwamba pa nzimbe penipeni, n'kukwera mwadzidzidzi kumapeto kwa munda. Tinkagwa pansi ndi mantha, mawa tabweranso. Mpaka lero injini ya ndege ikalira ndimasiya sipanala n'kutuluka panja.

Mukakafika mukawauze akamwini kuti katswiri wa 2014, Nigel Lamb, anabadwira ku Zimbabwe konkuno. Anapuma mu 2016, koma akadziwe kuti kuchigawo kwathu kuno kunatulukako munthu.

Mayi a Mapasa, Ngodzi

Pepani ndilowererepo, ine nkhawa yanga ndi ina. Si mpikisano womwewu ndege inagwera anthu oonerera ku America komweko? Bambo, mukupita kukaona mdzukulu, osati kukaika moyo pachiswe. Amayi akunyumba mwawafunsa?

Wa ku Chipoka, pano ndili ku Indiana

Amayi, ngozi mukunenayo inachitikadi, koma ndi mpikisano wina. Inali ku Reno, ku Nevada, mu 2011. Kumeneko ndege zingapo zimaulukira limodzi, zina ndi zankhondo zakale za mtundu wa P-51 Mustang zomwe anazisintha kuti zizithamanga kwambiri, pafupifupi kawiri liwiro la izi. Imodzi inawonongeka kuchipsepse n'kugwera pafupi ndi anthu, anamwalira woyendetsa ndi oonerera 10. Wa Red Bull uwu ndege imakhala imodzi m'njira, zipilala n'zansalu yoti ing'ambike ikakhudzidwa. Sindikunena kuti ngozi singachitike, ndege ndi ndege. Koma ine kukhala pampando paja ndinaopa pang'ono kuyerekeza ndi momwe ndimaopera minibasi ikamatsika mapiri pamsewu wa Lilongwe kupita ku Salima.

Aphunzitsi, ndinaiwala chimodzi. Khanda lisapiteko, ndipo inuyo mukagule totseka m'makutu. N'totchipa, timapezeka m'sitolo iliyonse ya mankhwala.

Mphunzitsi Wopuma, Kamuzu Road, Salima

Zikomo nonse. Ndawerenga kawiri, kachiwiri nditavala magalasi.

A Kampango, malangizo anu ndinawatsata. Ndinagula bandulo, ndinakhala pakhonde usiku netiweki itakhazikika, ndinaonera mavidiyo anayi. Wachitatu ndinayamba kuwodzera. Zonse zimaoneka zofanana, kandege kofiira, kandege kabuluu, manambala akuthamanga pakona. Ndinatsala pang'ono kukugwirizanani nazo. Koma ndinakumbukira tsiku lina ndikuphunzitsa kufupi ndi Senga Bay, ndege ya asilikali itadutsa chapansi kukamwaza anyamata a parachuti. Kalasi yonse inathawira panja, ine ndi choko m'manja ndikukalipa kuti bwererani. Nditafika pakhomo ndinangoima, kukamwa yasa, mpaka womaliza anatera. Ana aja anandiseka sabata yonse. Chithunzi cha parachuti chinali m'buku lawo chaka chonse, palibe ndi mmodzi yemwe anathawirapo panja chifukwa cha chithunzicho.

Amayi a Mapasa, akunyumba ndawafunsa. Yankho lawo ndi lomwe landimaliza. Akuti mkamwini uja anagula kale matikiti mu Julayi, asanandiuze n'komwe, ndipo wakhala akuwafunsa mobwerezabwereza kuti kodi bambo amakonda chiyani, nanga ndikacheza nawo zotani. Mnyamatayo ndinangoonana naye pa chinkhoswe ndi pa ukwati, masiku awiri, ndipo masiku onsewo anali chogwada, maso pansi. Sitinayambe takhalapo awiriwiri. Tsono maola asanu m'galimoto ndi tsiku lonse pabenchi limodzi, mwina ndidzamva mawu ake enieni. Akunyumba anawonjezera kuti, "Inu musadzitenge ngati mukudzathandiza kulera, thewera simunasinthepo ngakhale la ana anu omwe." Apa ndinangokhala chete.

Za ndalama ndawauza kuti mafuta ndithira ine, asakane. Anakana. Tagwirizana kuti chakudya cha panjira ndi changa, ndipo mayi ake a mwana akazinga nkhuku ndi mbatata tinyamule, ngati pageti amalola kulowa nazo. A ku Chipoka, mundiuzeko pamenepa, ndisakachite manyazi ndi kontena m'manja. Lake Michigan akuti ili pafupi ndi South Bend, tikhoza kupita madzulo ena aliwonse, ndiye sindiluza kanthu.

Mphepo ikakavuta ngati ku Las Vegas, a Kampango, ndidzabwera pano kudzavomera kuti munanena. Ndidzakugulirani Fanta pa Senga Bay tikuonera nkhwazi yanu.

Lero m'mawa ndinapita pa kaunjika kuseri kwa msika kukasaka chijasi. Mnyamata wogulitsa anadabwa, dzuwa la Seputembala likuswa mtengo, mdala akuyesa chijasi chaubweya thukuta lili kamukamu. Ananditchulira K9,000, tinatsitsana mpaka K6,500. Nditafika kunyumba ndinapisa m'thumba lam'kati, ndapezamo kalisiti kakale kofufutika ka sitolo ina ya ku Ohio. Ndayang'ana pa mapu, Ohio ndi Indiana n'zoyandikana mpanda. Chijasichi chikubwerera kwawo, ine ndikungochiperekeza.