Pampu ikungoyaka n'kuzima: choose kapena if/else mu Home Assistant?

Wamawaya47
Akuluakulu, ndibwerekeni nzeru. Ndinaikira kasitomala wina ku Area 47 Home Assistant, pulogalamu yoyatsa ndi kuzimitsa yokha zipangizo za pakhomo, pa kakompyuta ka Raspberry Pi 4. Ali ndi borehole, pampu ya 0.75 kW, thanki ya malita 5,000 pansanja, inveta ndi mabatire a gel. Ndinalemba ma automation atatu, malamulo oyatsa ndi kuzimitsa pampu. Yoyamba imasuzumira mphindi iliyonse, ikapeza madzi ali pansi pa 30% ndipo batire ili pamwamba pa 40%, imayatsa pampu, thanki ikadzadza n'kuzimitsa. Yachiwiri imazimitsa batire ikatsika pansi pa 40%. Yachitatu imayatsa magetsi akangobwera. Usiku wathawu contactor, switch imene imayatsa pampu, inkangoti kha! kha! osaleka, ndipo magetsi atabwera cham'bandakucha thanki inasefukira mpaka madzi kulowa m'khola la nkhuku. Mayi a panyumbapo andiimbira 5 koloko, mawu ake sindingabwereze pano. Ndiye pa njira ziwiri zosankhira chochita mu automation, ndiphatikize zonse mu if/else kapena choose?

Solar_wa_Zomba
Pepani achimwene, koma ma automation atatuwo ali ngati madalaivala atatu pa chiwongolero chimodzi. Yachitatu ija sifunsa n'komwe ngati thanki ili yodzadza. Pampu imodzi ikhale ndi automation imodzi. Ma trigger onse, zinthu zimene zimadzutsa automation, muike pamwamba, pansi pake choose.

if/else inabwera mu 2022.5 ndipo ndi yabwino funso likakhala la eya kapena ayi, monga kuyatsa getsi la pakhonde kukada. Inu muli ndi mafunso anayi kapena asanu. Mukayamba kulowetsa if m'kati mwa else, m'kati mwakenso if ina, pakatha miyezi itatu simudzatha kuwerenga zolemba zanu zomwe. choose imatsika kuchokera pamwamba, ikapeza nthambi yoyamba imene zonse zakwanira imachita yomweyo, zotsalazo siziyang'ananso. Choncho zozimitsa zikhale pamwamba: thanki yadzadza, zimitsa. Magetsi kulibe ndipo batire yatsika, zimitsa. Zoyatsa zibwere pambuyo. Pa default, pamene choose imagwera nthambi zonse zikapanda kukwanira, muikenso kuzimitsa.

MayiESP32
Pa default paja ndakana, achimwene a ku Zomba. Taganizani: madzi ali pa 60%, pampu ikudzadzitsa thanki bwinobwino. Sali pansi pa 30, sanafikenso 95 pamene timati thanki yadzadza. Palibe nthambi imene ikugwirizana nazo, ndiye automation ikadzuka pa chifukwa chilichonse igwera pa default n'kuzimitsa pampu pakati pa ntchito. Thanki idzingokhalira m'ma 30 momwemo. Default isiyeni yopanda kanthu, pakati pa 30 ndi 95 pampu ipitirize zimene ikuchita.

Chimene mukuopacho ndi sensa ikafa, ndipo n'zoona. Chipatseni nthambi yakeyake, yoyambirira penipeni: sensa ya thanki ikakhala unavailable kapena unknown, zimitsa. Wi-Fi ya pansanja imaduka kawirikawiri, makamaka ESP32 imene imatumiza nambala za sensa ikakhala m'kabokosi kachitsulo.

Solar_wa_Zomba
Mwandigwira amayi, ndavomera. Default ikhale chete.

MayiESP32
Za kha! kha! zija si choose imene ingazithetse payokha. Pa mabatire a gel inveta zambiri zimangoyerekeza peresenti potengera ma volt. Pampu ikamanyamuka imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa ikamayenda, ma volt amagwa, nambala imatsika pansi pa 40, pampu izima, ma volt abwerera, nambala ija yakwera, mphindi ikakwana mwayatsanso. Talikitsani malire awiriwo. Zimitsani pa 40, koma isayake ndi batire mpaka ifike 60. Pa trigger ya batire onjezani `for:` ya mphindi 2 kuti kugwa kwa masekondi ochepa kusawerengedwe.

Wamawaya47
Zikomo kwambiri. Nanga kusuzumira kwa mphindi iliyonse ndikuchotse, ndingosiya numeric_state?

Solar_wa_Zomba
Samalani pamenepo. Trigger ya numeric_state imalira pokhapokha nambala ikudumpha malire. Madzi akatsika kuchoka pa 31 kufika 29 Pi ili yozima, ikamadzuka iwapeza ali kale pansi, ndiye ikhoza kungokhala duu. Nayonso `for:` imayambiranso kuwerenga Home Assistant ikayambiranso. Ine ndimaika trigger ya homeassistant start, ndi time_pattern ya mphindi 10 zilizonse ngati mlonda. Poti choose imayang'ana mmene zinthu zilili panthawiyo, zilibe kanthu kuti yaidzutsa ndani.

Onaninso mode, imene imanena chochita trigger ikabwera automation ili m'kati mwa ntchito. Ikakhala single, ndipo muli ndi delay penapake, trigger yatsopano imatayidwa, mumangopeza chenjezo mu log. Ikani restart. Mukatha tsegulani Traces, ikuonetsani nthambi imene yasankhidwa ndi chifukwa chake.

MadalaContactor
Ana inu mwalankhula bwino za pakompyuta, ine ndifunse za m'bokosi. Float switch, ija yoyandama pamadzi, ilipo? Pi ikauma mutu pampu ili yoyaka, choose yanuyo izimitsa ndi chiyani? Ikani float switch m'thanki, ilumikizidwe mu series ndi koyilo ya contactor. Madzi akafika pamwamba dera liduke lokha, kompyuta ifune isafune. Chitetezo cha pampu kuyenda popanda madzi m'chitsime chikhalenso cha waya. Ndavundukulapo mapampu opsa ambiri, fungo lake silichoka m'manja msanga.

Node-RED, pulogalamu ina yopangira ma automation, ena amaikonda chifukwa switch node imaoneka ndi maso, koma pa pampu imodzi musadziwonjezere katundu.

Wamawaya47
Madala, float switch ndinaichotsa ndekha poika sensa, ndimati yatha ntchito. Ili m'galimoto. Mawa m'mawa ndikaibwezera ndisanagwire laputopu. Nthambi zakhala zisanu: sensa yafa, thanki pa 95, batire pansi pa 40 magetsi kulibe, kenako madzi pansi pa 30 magetsi alipo, ndi madzi pansi pa 30 batire pamwamba pa 60. Ndazimitsa main switch kawiri pano pa benchi, Traces ikuonetsa nthambi yachitatu monga mwanenera. Nkhuku ziwiri zija ndalonjeza kulipira.