Bwanji okosijeni amakhala O2 osati O yekha?

chidwi_chambiri:
Abale ndithandizeni apa. Ndikuwerenga chemistry ndiye paliponse akungolemba O2, O2, ati mpweya wa okosijeni timapumawu ndi maatomu awiri ogwirana. Koma bwanji awiri? Chikuletsa ndi chani kuti atomu imodzi iziyenda yokha ngati mmene amachitira helium kapena argon? Komanso ngati nkhani ndi yongogwirana bwanji osagwirana anayi kapena kupanga chingwe chachitali? Ndikufuna kumvetsa osati kungoloweza.

labu_ya_usiku:
Yambirani pa maelekitironi achimwene. Atomu ya okosijeni ili ndi maelekitironi 8, awiri ali mu shelo yamkati (shelo ndi mzere womwe maelekitironi amakhala mozungulira nyukiliyasi, yomwe ili pakati pa atomu), 6 ali kunja, pomwe shelo yakunjayo imakhazikika ikakhala ndi 8. Argon ali nawo kale 8 kunjako, helium shelo yake imadzadza ndi awiri basi, nde chifukwa chake iwowo amayenda okhaokha. Okosijeni akuperewera awiri, ndiye maatomu awiri akakumana iliyonse imaika maelekitironi awiri pakati nkumagwiritsa ntchito limodzi anayi onsewo, iyi ndi imene amati double bond, bondi yapawiri (bondi ndiko kugwirana kwa maatomu). Maganizo ogawana maelekitironiwa anawafotokoza Gilbert Lewis mu 1916.

Koma musamve ngati atomu ili ndi mtima wofuna 8 ayi. Maelekitironi akakhala pakati amakokedwa ndi manyukiliyasi onse awiri nthawi imodzi ndipo mphamvu ya zonsezo imatsika, ndiye zinthu zimakhazikika pomwe mphamvu yatsika ngati mmene madzi amathamangira kumunsi. Kuti mulekanitsenso maatomu awiriwo pamafunika mphamvu ya pafupifupi 498 kJ (makilojulu) pa mole imodzi (mole ya O2 ndi magalamu 32), si zamasewera.

salifa16:
Zomwe anena pamwambapa nzoona koma funso lanu lachiwiri lija, la chingwe, ndi limene ine limandisangalatsa kwambiri ndipo anthu ambiri amalidumpha. Chifukwatu nkhani ya 8 yokha siyankha, okosijeni akanathanso kukwanitsa 8 pogwira mnzake wakumanja ndi bondi imodzi wakumanzere ndi bondi ina, nkupanga chingwe kapena mkombero. Salifa ali mu gulu limodzi ndi okosijeni pa periodic table, nayenso ali ndi 6 kunja, koma iye amapanga S8, maatomu 8 ozungulira, ndipo ndi chinthu cholimba chachikasu osati mpweya.

Kusiyana kuli pa kukula kwa atomu. Okosijeni ndi wamng'ono, maatomu awiri amayandikana kwambiri mpaka pafupifupi 121 pm (mapikomita, muyeso waung'ono zedi wa kutalika), ndiye bondi yachiwiri ya mu double bond, imene imagwirana cham'mbali, imagwira bwino zedi. Pomwe bondi imodzi yokha ya O-O ndi yofooka, cha m'ma 145 kJ, chifukwa maelekitironi ena aja osagawana amakhala mothinana nkumakankhana, nde chifukwa chake hydrogen peroxide, yemwe ali ndi bondi ya O-O yotereyi, sachedwa kuphwasuka. Tawerengani nokha, mabondi awiri a single ndi cha m'ma 290, double imodzi ndi 498, double yapambana patali. Kwa salifa zimatembenuka, atomu ndi yaikulu, kugwirana cham'mbali kuja nkofooka, ma single awiri amaposa double imodzi ndiye amapanga mkombero.

chidwi_chambiri:
Eeh apa ndiye zamveka, zikomo kwambiri akulu. Nanga ozoni? Si O3 imene ija? Ndiye kuti O yekha kulibiretu?

labu_ya_usiku:
Aliko, kungoti pansi pano sakhalitsa, akangopezeka amagwira chilichonse chili pafupi nthawi yomweyo. Kumwamba kuwala kwa dzuwa kwa UV kumadula O2 nkukhala maatomu awiri, ina imakagwira O2 ina nkupanga O3, ndiye ozoni wambiri amapezeka cha pakati pa makilomita 15 ndi 35. Koma O3 sakhazikika ngati O2, amaphwasuka kubwerera ku O2 komweko. Mukakwera kwambiri, cha m'ma 400 km komwe kumadutsa International Space Station, mpweya ndi wochepetsetsa moti atomu imavutika kukumana ndi inzake, kumeneko O yekha ndi amene wachuluka ndipo amadya mapulasitiki ena a pa masetilaiti moti amachita kuwakuta ndi zoteteza.

maginito_O2:
Ndiwonjezere kamodzi kuti musadzadabwe kutsogolo. Chithunzi cha O=O chimaoneka ngati maelekitironi onse ali awiriawiri koma si choncho kwenikweni. Mukaziziritsa okosijeni kufika -183 °C amasanduka madzi obiriwira mwa buluu pang'ono, mukawathira pakati pa maginito amphamvu amakakamira pamenepo mpaka atauma, pomwe nayitirojeni wamadzi amangodutsa. Izi zikusonyeza kuti mu O2 muli maelekitironi awiri opanda anzawo, zomwe chithunzi cha Lewis sichionetsa koma njira ina yofotokozera mabondi yotchedwa molecular orbital theory imazifotokoza bwinobwino ndipo bondi imatulukabe yapawiri. Mukafika pa mutu umenewo jambulani O2 ndi N2 (nayitirojeni) pambalipambali muone pomwe maelekitironi awiri omalizawo akukhala.