Kukwirira dambo ku America: chilolezo chichokere kuti?

Akuluakulu odziwa malamulo a zachilengedwe, ndithandizeni apa. Ku United States, gawo 404 la lamulo loteteza madzi la Clean Water Act la 1972 limati wofuna kukwirira dambo atenge chilolezo ku Army Corps of Engineers, nthambi ya boma lalikulu la dziko lonse. Gawo 401 limapatsa boma la chigawo (state) nthawi yosapitirira chaka chimodzi kuti livomereze kapena likane ntchitoyo, ndipo likangokhala chete mwayi wake watha. Koma mu 2023, pa mlandu wa Sackett v. EPA (EPA ndi bungwe la boma loteteza zachilengedwe), Khoti Lalikulu linagamula kuti boma lalikulu limayang'anira madambo okhawo omwe madzi ake amalumikizana mosadukiza pamtunda ndi mtsinje kapena nyanja.

Nanga dambo lodulidwa ndi msewu, madzi n'kumadutsa m'paipi pansi pake, ndi la ndani?

Womanga ayambe wapempha Corps chikalata chonena ngati dambolo lili m'manja mwawo, chija chimagwira ntchito zaka 5, kapena apite kaye ku chigawo? Ambiri amapunthwa pamenepa: Corps ikanena kuti dambolo silili m'manja mwawo, amayesa basi zatha, chonsecho chigawo ngati Minnesota chili ndi lamulo lakelake loteteza madambo la 1991. Ndipo ku Michigan ndi New Jersey, komwe chigawo chimapereka chokha zilolezo zambiri za gawo 404, mumayambira ofesi iti?