Posita yakale ya konsati ya ku Russia, ndingadziwe bwanji kuti si feki?

WaPiyano: Akuluakulu thandizeni. Pali munthu akugulitsa posita ya konsati pa intaneti, akuti ndi ya 1915, pali dzina la Rachmaninoff ngati woimba piyano ndipo mzinda walembedwa St Petersburg m'zilembo zawo zija, ndawerenga ndi foni. Pepala lake lachita chikasu ndithu koma mtengo wake eeh, ndiye ndisanataye ndalama ndimati odziwa andiuze poyang'ana.

MaiNyimbo: Achimwene imani kaye pomwepo. 1915 ndi St Petersburg siziyendera limodzi. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itangoyamba mu 1914 mzindawo unasinthidwa dzina kukhala Petrograd, mu 1924 nkudzakhala Leningrad, dzina lakale linabwerera mu 1991. Wosindikiza wa mu 1915 akanalemba bwanji dzina loletsedwa kale nkhondo ili mkati? Rachmaninoff yekhayo sakukayikitsa, anali akadali kwawo, anachoka kumapeto kwa 1917.

Chimbalekale: Zoona amayi. Onaninso kalembedwe, isanafike 1918 mawu othera ndi konsonanti ankawaika ъ kumapeto, komanso kunali ѣ ndi і zomwe boma latsopano linadzachotsa, ndiye posita ya nthawi ya mfumu yopanda zimenezi ndi yabodza basi. Koma kukhalapo kwake si umboni wokwanira chifukwa anthu amene anathawira ku Paris ndi Berlin anapitiriza kulemba mwakale zaka zambiri. China chomwe ambiri sachiganizira ndi deti. Russia inali pa kalendala yakale mpaka February 1918, inkatsalira masiku 13 m'zaka za m'ma 1900, masiku 12 m'zaka za m'ma 1800. Nchifukwa chake simfone (nyimbo yaitali ya okestra) yachisanu ndi chimodzi ya Tchaikovsky, wopeka nyimbo wa ku Russia, ena amalemba kuti inayamba kuimbidwa pa 16 October 1893 ena 28 October, tsiku ndi lomwelo. Ngati positayo yalemba tsiku, tinene kuti Loweruka, fufuzani ngati detilo likugweradi pa Loweruka pa kalendala yakaleyo, opanga feki ambiri amagwera pamenepa.

Bambo_Inki: Ine za madeti ndisiyira inu, koma chikasu chisakupusitseni, tiyi amapangitsa pepala kuoneka la agogo usiku umodzi. Muuzeni wogulitsayo ajambule kumbuyo kwa positayo atawalitsa tochi cham'mbali. Makina ambiri akale ankadinda zilembo mokanikiza, timizere timaoneka kuseri ngakhale kumveka ndi chala, pomwe za printa zimakhala zosalala ndipo ukayang'ana ndi galasi lokulitsa umaona timadonthomadontho. Pa nyali ya UV, ija amaunikira ndalama poona ngati si zabodza, pepala lamakono nthawi zambiri limawala mwa buluu. Ndipo ngati katunduyo ali ku Russia komweko funsani za chilolezo cha unduna wa zachikhalidwe, zinthu zakale sizimangotuluka chisawawa.

WaPiyano: Zikomo nonse. Ndamufunsa za Petrograd wangoti mwina wosindikiza analakwitsa kkkk, chithunzi cha kumbuyo akuti mawa. Ndichiponya pano chikabwera.