Za kubzala mbewu ndi mafuta odzozera zagawa mlaga wathu, thandizeni

Mtsogoleri wa mlaga, Epworth:
Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. Pa mlaga wathu (kagulu kopempherera limodzi ka mu mpingo) kuno ku Zimbabwe tilipo 14, timakumana Lachitatu madzulo. Ena ayamba kupita kwa mneneri wina amene akuti ukabzala mbewu ya madola 20 ukolola 200, ndipo mafuta odzozera akugulitsa m'timabotolo. Ukafunsa, yankho ndi lakuti "musakhudze odzozedwa anga". Mavesi amatchuladi. Chiphunzitso chotere tichiyese bwanji popanda kuyambana?

Mkulu wa mpingo, Mufakose:
Bambo, vesi lililonse limene watchula muliwerenge pamodzi ndi mutu wake wonse, kenako mufunse: akulankhula ndani, kwa yani, pa nkhani yanji? Za mbewuzo amazitenga pa 2 Akorinto 9:6. Inu yambirani pa mutu 8. Paulo akusonkhetsa thandizo la akhristu osauka a ku Yerusalemu, monga akuneneranso pa Aroma 15:26. Ndalamazo zinkapita kwa osowa, osati m'thumba mwa mlaliki, ndipo pa 2 Akorinto 8:19-21 mipingo inasankha munthu woperekeza mphatsoyo kuti pasakhale wokayika. Funsani, mbewu za kwa mneneriyo amawerengera ndani, nanga lipoti lake amaliona ndani? Vesi 7 la mutu 9 likuletsa kupereka mokakamizidwa, ndiye woika mtengo wakakamiza kale.

Za odzozedwazo zili pa Masalimo 105:15. Mavesi a pamwamba pake akunena za Abrahamu, Isake ndi Yakobo akuyendayenda m'maiko a eni, Mulungu n'kuletsa mafumu kuwachita choipa. Kufunsa funso si kuchita munthu choipa. Paulo anatsutsa Petro pamaso pake, onani Agalatiya 2:11.

Mayi wa Chigwirizano, Mbare:
Ine ndigwirepo pa mafutawo. Yakobo 5:14 akuti wodwala aitane akulu a mpingo, amupempherere ndi kumudzoza. Mulibe zogula mmenemo. Amene anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi Simoni wamatsenga uja, ndipo zimene Petro anamuyankha zili pa Machitidwe 8:20. Koma bambo, chofulumira n'chakuti mufufuze ngati alipo amene wasiya mankhwala poti wadzozedwa, makamaka a ma ARV, shuga kapena BP. Munthu akasiya ma ARV kachilombo kamachulukanso m'magazi, ndipo kakhoza kuleka kumva mankhwalawo. Paulo yemweyo anasiya Trofimo akudwala ku Mileto (2 Timoteo 4:20), sanamunene kuti alibe chikhulupiriro.

Mnyamata wa kwaya, Dzivarasekwa:
Komatu amayi, zina zimene aneneriwa amalosera zimachitikadi.

Mkulu wa mpingo, Mufakose:
Mwana wanga, miyeso ilipo iwiri. Deuteronomo 18:22 akuti zikalephereka sanatumidwe ndi Mulungu. Deuteronomo 13:1-3 akuti ngakhale chizindikirocho chichitike, ngati akukupatutsa kwa Mulungu usamumvere. Wachiwiriwu anthu amauiwala.

Mphunzitsi wa kalasi, Highfield:
Kutsutsa vesi ndi vesi kumatopetsa, chifukwa sabata yamawa abwera ndi lina. Anthu amatengeka poti za kalasi anaziloweza kuti abatizidwe basi, n'kuziiwala. Bwererani ku katekisimu. Wa Heidelberg, wa 1563, ali ndi mafunso 129 ogawidwa m'zigawo 52, ndiye chigawo chimodzi pa sabata mumaliza pa chaka. Ola limodzi likwana: mphindi 10 funso ndi yankho, 30 kutsegula mavesi ake aliyense m'Baibulo lake, zotsalazo mafunso ndi pemphero. Owerenga azisinthana, asamangokhala inu nokha.

Pena vuto limakhala chinenero. Buku Lopatulika ndi la 1922, Chinyanja chake n'chakale, ndipo ana obadwira kuno ambiri sachimva bwino ngakhale amachita manyazi kunena. Ikani pambali pake Buku Loyera la 1998 ndi Baibulo la Chishona, vesi lomwelo liwerengedwe katatu. Dzina la mneneriyo musalitchule pa mlaga, chifukwa mukatero anthu ake amayamba kumuteteza, kuwerenga kumathera pomwepo. Ndipo abusa anu adziwe musanayambe.

Mtsogoleri wa mlaga, Epworth:
Zikomo nonse. Za mankhwalazo ndiyamba nazo mawa lomwe. Buku Loyera lilipo limodzi lokha pa mlaga wonse, ngati alipo wochokera ku Lilongwe mwezi uno andiuze.